Mwana akamakula, tulo ta mayi timachepa

Awa ndi mau amene mtolankhani wathu adalankhula pamwambo wa Tsiku la Anakubala umene amayi ochita malonda ang'onoang'ono adakonza ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre.

Mudandiitana kuti ndidzanene za ana amakono monga mtolankhani. Koma ine ndasankha kunena za mayi mmodzi yekha amene ndimawadziwa bwino. Akhala kumbuyoko, ndipo andichenjeza kale kuti ndisayerekeze kuwatchula dzina.

Amayi anga adalekezera sukulu Sitandade 5. Sikuti mutu unali wouma ayi, agogo ndiwo adasowa ndalama ya fizi. Boma lidachotsa fizi kupulaimale mu 1994, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Apo n'kuti iwo atakwatiwa kale. Mpaka lero akamaikamba nkhaniyi amakhala ngati munthu amene wafika pasiteji basi itangonyamuka kumene. N'chifukwa chake ana atatufe adatikankhira kusukulu ndi ukali. Mandasi ankakazinga 4 koloko mbandakucha, tomato ankakapikula okha ndi dengu pamutu, zonsezo kuti ife basi isatisiye.

Tsiku limene dzina langa lidatuluka kuti ndasankhidwa kupita kuyunivesite, adaimba nthungululu mpaka anansi adatuluka poganiza kuti kwabadwa mwana. Nkhuku idafa tsiku limenelo. Koma pakati pa usiku, ndikutuluka panja, ndidawapeza ali pamkeka, kandulo ikuyaka, atamasula mfundo ya chitenje akuwerenga ndalama. Adawerenga, n'kuwerenganso, ngati kuti kachiwiriko zichuluka. Adandiona, n'kungoti, "Kagone iwe, mawa uli ndi alendo."

Tsono ndiulule chinthu chimene ena mwa inu simukuchidziwa, ndipo dzulo ndidapempha chilolezo kwa eni ake. Ine sukulu ija sindidamalize. Ndidasiya m'chaka chachitatu, ngongole ya fizi itandikwana m'khosi. Ndidabisa miyezi 5 yathunthu. Ndinkagona kwa mnzanga ku Zingwangwa, n'kumalembera manyuzipepala tinkhani ta apa ndi apo, ndipo pafoni ndinkawauza kuti mayeso akuyenda bwino. Tsiku lina m'mawa ndidangomva kugogoda. Anali iwo, kathumba ka ufa kali pamutu. Adati, "Mwana wanga, mwana wasukulu amapempha ya sopo. Iwe udasiya kupempha mu Febuluwale. Umaganiza kuti ndine mwana?"

Sadalire, sadakalipe. Komatu pamsika pano adapitiriza chaka chonse kukuuzani kuti mwana wawo ali kusukulu. Amene mudanamizidwa, mlandu ndi wanga. Iwo ankangofunditsa nsalu mwana amene adavula yekha. Lero akaona dzina langa m'nyuzipepala amadula tsambalo n'kuliika pansi pa matiresi, koma akandiona amafunsa funso limodzi lomwelo: "Nanga ukalemba zowakwiyitsa akuluakulu, akuteteza ndani?"

Mng'ono wanga ndiye adasankha njira ina. Atalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhala zaka ziwiri osapeza ntchito, adakwera basi ya ku Joni, kudzera ku Mwanza, Tete, Harare mpaka Beitbridge. Malata amene ali padenga la nyumba yathu ndi thukuta lake, ndipo mlendo aliyense wofika pakhomo amayamba waonetsedwa dengalo asanapatsidwe mpando. Koma mvula ikamagwa pamalata omwewo usiku, amayi sagona. Amakumbukira 2008, amakumbukira 2015 pamene alendo ankasakidwa ku Durban ndipo boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Ulendo wa kumwerawu sudayambe lero. Agogo athu ankapita pa Wenela, ndipo mu 1974 ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi. Aliyense wa iwo anali ndi mayi amene ankanyadira bulangete ndi njinga zochokera ku Joni.

Abambo ena muli pano mudakhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Harare kapena ku Dar es Salaam, n'kubwerera itatha referendamu ya 1993. Amayi anu ankadikira kalata imene mwina simukadayerekeza n'komwe kuilemba. Ife timati zinthu zidapepuka poti kuli WhatsApp. Bwerani mudzaone kwathu. Amayi kuwerenga kumawavuta, koma timizere tiwiri tija amatidziwa kuposa ine. Tikapanda kusanduka tabuluu mpaka madzulo, nsima imapsa koma iwo sadya.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndidawaona akusowa chonena. Mafuta okazingira mandasi adakwera, ufa wa tirigu udakwera, koma ma rand a mng'ono wanga adayamba kubala makwacha ambiri. Adati, "Ndiye kuti ameneyu sabweranso msanga." Akatswiri a zachuma amene ndidawafunsa sabata imeneyo adalankhula Chingerezi chambiri, koma palibe adaifotokoza nkhaniyo mwachidule chotero.

Anafe tili ndi chizolowezi chonena kuti amayi amadandaula zilizonse. Ine ndidaleka. Ndikawerengera bwino, nkhawa za amayi anga zapherezera kambiri kuposa nkhani zanga za m'nyuzipepala. Ndipo pa 15 Okutobala paliponse timathamangira kumsika kukagula chitenje, kujambulitsa, basi tathana nazo. Chitenje n'chabwino, musandimve molakwa, inenso ndagula. Koma miyezi 5 ija ndikadawauza zoona tsiku loyamba, bwenzi atagona usiku wambiri umene adaugwiritsa ntchito kundiwerengera masiku a sopo.

Watsala pakhomo ndi mlongo wanga, chitsirizira, wa zaka 16, ali Fomu 3. Wawapitirira kale amayi msinkhu, ndipo akamawerenga Chingerezi mokweza, amayi amasiya kutsuka mbale n'kumamvetsera ngakhale sakumva zonse. Amati ameneyu ndiye adzamalize zimene achimwene ake adasiyira panjira, ndipo amanena ine ndili pomwepo. Koma msinkhu womwewo ndi umene abambo a magalimoto amauonanso pamsewu. Ndidayesa kuwalimbitsa mtima kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino saloleza ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Adandiyang'ana n'kuti, "Lamulo lakolo limamuperekeza pochokera kusukulu?" Ndidasowa poyankha. Choncho tsiku lililonse 5 koloko ikamakwana amasiyira mnzawo benchi, n'kukaima pamphambano ngati akudikira minibasi. Mlongo wanga zimamunyansa, amati akumuchititsa manyazi kwa anzake. Amayi amangoseka, n'kumulandira chikwama.

Amayi apampando, ndikuona kumbuyoko ayamba kale kuyang'ana nthawi pafoni. Lero mtsikanayo wapita kukawerenga ndi anzake, ndipo 5 koloko yayandikira. Ndilekere pomwepa kuti ndisawachedwetse.