Chiphaso cha pa Kompyuta si Umwini wa Nyimbo

(Mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)

Nkhani yanga ikukhudza ndalama zathu ndi za ana athu, chifukwa masiku ano achuluka anthu otsatsa malonda a pa intaneti otchedwa NFT.

Choyamba, tidziwe chimene chikugulitsidwa. Blockchain ndi kaundula amene amasungidwa m'makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, kotero kuti munthu mmodzi sangathe kufufuta zolembedwamo. NFT ndi chiphaso cha nambala yakeyake cholembedwa m'kaundulayu. Chimangosonyeza amene ali nacho tsopano ndi amene anali nacho kale.

Chitsanzo ndi chikondwerero cha nyimbo cha Coachella, chimene chinayamba mu 1999 ndipo chimachitikira ku Indio m'chigawo cha California ku America. Mu February 2022 eni chikondwererochi anagwirizana ndi kampani ya FTX n'kugulitsa ziphaso 10 zolola mwini wake kulowa chaka ndi chaka moyo wake wonse. Ziphaso 10 zimenezi zinapha ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni. Panalinso zina zotsika mtengo, za zithunzi ndi mau a pachikondwereropo. Koma mu November chaka chomwecho FTX inagwa, ndipo amene anasiya ziphaso zao m'manja mwa kampaniyo analephera kuzitulutsa kapena kuzigulitsa. Kaundula uja sanafufutike ai, koma khomo lofikira kwa iye linali litatsekedwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, kugula chiphaso sikugula luso la munthu. Pa chikondwerero pamakumana eni ambiri. Wopeka nyimbo ali ndi umwini wa mau ndi maimbidwe ake. Nyimbo yojambulidwa kawirikawiri imakhala ya kampani imene inaijambulitsa. Chithunzi ndi cha wojambula kapena amene anamlemba ntchito, ndipo dzina la chikondwerero ndi la okonza. Okonzawo amalipira chilolezo choti nyimbo ziimbidwe pagulu, monga ku mabungwe a ASCAP ndi BMI ku America, kapena COSOMA kuno kwathu. Chilolezo chimenecho ndi choimbira basi, sichiwapatsa mphamvu yojambula woimba n'kumamgulitsa. Lamulo la ku America limanena kuti umwini usamutsidwe mochita kulemba ndi kusainira mwini wake. Popanda pepala lotero, wogula NFT ali ngati munthu amene wagula kaseti pamsika: kumvera angamvere, koma kukopera n'kumagulitsa ndi mlandu.

Tsono pempho langa ndi ili. Wina akakutsatsani chiphaso chotere, funsani mafunso atatu. Kodi mgwirizano wolembedwa ukundipatsa chiyani? Ndani adzakwaniritse lonjezolo? Nanga kampani ikagwa, ndidzadandaula kuti? Ndipo inu amene muli ndi ana oimba, auzeni awerenge bwino mgwirizano asanakwere pansanja, makamaka ndime yonena za kujambula ndi kugulitsa zojambulidwazo. Safunsa anadya phula.