Zimene Ndinaphunzira kwa Sonny Rollins: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Mwandipempha kuti ndinenepo za nyimbo. Tsono ndasankha chimbale chimodzi chokha, A Night at the Village Vanguard, cha Sonny Rollins, katswiri wa saksofoni wa ku America. Chinajambulidwa pa 3 Novembala 1957 m'kalabu yaing'ono ya jazi mumzinda wa New York, anthu ali pomwepo kumvetsera, ndipo chinatulutsidwa ndi kampani ya Blue Note. Apo n'kuti Rollins ali ndi zaka 27.

Chodabwitsa n'chakuti m'gulu lake munalibe piyano. Kawirikawiri piyano ndiyo imalondolera woimba saksofoni, ndipo akaphonya imamubisa. Koma usiku umenewo anali atatu basi: Rollins mwiniwake, Wilbur Ware pa bezi ndi Elvin Jones pa ng'oma. Pobisala panalibe.

Ndivomere kuti nditachimva koyamba, ndili ku yunivesite, ndinati ndi phokoso chabe. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndiisiye kaye saksofoniyo, nditsate bezi yokha pa nyimbo ya "Softly, as in a Morning Sunrise". Pamenepo makutu anatseguka. Ndinamva Ware akuponda mwachifatse, Rollins akufunsa, Jones akuyankha, aliyense kudikira kuti mnzake amalize. Amuna atatuwa ankacheza, ndipo luso lawo lalikulu linali kumvetserana.

Anzanga, ine ndakhala pa misonkhano ya boma yosawerengeka. Timabwera ndi madigiri athu, aliyense atakonza kale zonena, ndipo timabalalika popanda womva mnzake. Inenso ndakhala wolakwa pamenepa kambirimbiri. Chimene sindinachipeze m'mabuku ndinachipeza m'chimbale chimenechi.

N'chifukwa chake mtima unandiwawa m'mawa muno poona malipenga a bandi ya sukulu yathu atachita dzimbiri, ng'oma zitang'ambika. Mwana woimba m'gulu amaphunzira kukhala chete pa nthawi yake, ndiponso kulowa pa nthawi yake. Ana athu akumanidwa phunziro limeneli.

Choncho ndikupempha kuti pa zopereka za chaka chino tipatuleko gawo lokonzetsera zoimbira zimenezi. Ine ndiyamba ndi kupereka chimbalechi ku laibulale ya sukulu.