Timitengo ta Mulungu ndi Zilombo za ku Dambwe



Ndapemphedwa kunena za mabuku pa tsiku limene anthu abwera kudzaona gule. Mundilole, pakuti ziwirizi n'zapachibale.

Mu 1960 mlembi wa ku Senegal, Sembène Ousmane, adatulutsa buku la nthano m'Chifalansa, limene pa Chingerezi limatchedwa God's Bits of Wood. Likusimba za antchito a njanji ya pakati pa Dakar ndi Bamako, amene adanyanyala ntchito kuyambira mu Okutobala 1947 mpaka mu Malichi 1948, pofuna malipiro ndi chithandizo cha mabanja chofanana ndi cha Azungu. Dzina la bukulo lidachokera ku mwambo. Kumeneko anthu amoyo sawerengedwa ngati anthu, kuopa kuwaitanira tsoka. Owerenga amati akuwerenga timitengo ta Mulungu. Kampani inkaona manambala m'kaundula wa malipiro, pamene eniakewo ankadziwa kuti ali ndi Mwini. Komatu Sembène sadanyengerere atsogoleri a chipembedzo. M'nthanoyo mkulu wa mzikiti akuima ndi atsamunda, ndipo amene akupulumutsa sitalaka ndi amayi anjala, oyenda pansi kuchokera ku Thiès mpaka ku Dakar.

Tsono tibwere kwathu. Makolo athu ankapempha mvula kwa Chisumphi ku kachisi wa ku Msinja, kudzera mwa Makewana. Mvulayo inkabala chimanga, koma msonkho wa atsamunda unkafuna ndalama. N'chifukwa chake amuna a m'mapiri muno adatsika kupita ku Halale ndi ku Joni, ena osabwererako, mpaka tidawatcha matchona. Kumeneko sadangoweramira pansi. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo chaka chomwecho antchito a padoko adanyanyala. Ku migodi ya kopa ya ku Zambia, pa sitalaka ya mu 1935, magulu ovina mbeni adathandiza kufalitsa uthenga, kapitawo n'kumayesa anthu akungosangalala.

Achewa nawo adanyamula dambwe m'mitima. M'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, ng'oma ya gule inkasonkhanitsa anthu a kwawo kumodzi, ndipo tchona akamwalira ankaikidwa mwa mwambo, osati ngati nambala. Muonetsetse Simoni akalowa m'bwalo, ndi nkhope yake yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa. Amene adasema chigoba chimenecho adanena za utsamunda zimene pakamwa sipakadanena, ndipo ine ndimamuika pamodzi ndi alembi.

Alembi athu adakhudzako mbali zonse ziwiri, koma padera. Samuel Nthara mu Nthondo adatengera mnyamata wake ku ntchito ya kunja. Steve Chimombo mu The Rainmaker adalemba za Mbona. Nthano yolumikiza mgodi ndi dambwe ili m'kamwa mwa agogo amene adakwera ndege ya Wenela isadagwe ija ya ku Francistown mu 1974. Ena a iwo akadalipo kwa Kasumbu, kwa Kaphuka ndi kwa Kachere. Ana a sukulu muli pano, gule akatha muwapezere mpando pamthunzi, mutenge kope ndi cholembera, muwafunse amene ankaimba ng'oma ku komponi.