Loya amene ankagonja pamlandu koma akudziwa chomwe akuchita

Munandipempha kuti ndikambepo za ntchito ya uloya, poti ena mwa inu mukumaliza Fomu 4 ndipo mitima ili pa zamalamulo. Ndasankha kukuuzani za munthu mmodzi, Thurgood Marshall wa ku America, chifukwa iyeyu anagwira mbali zonse ziwiri za ntchitoyi.

Mbali yoyamba ndi ya kukhothi komwe mlandu umayambira. Uko n'komwe mboni zimalumbira, loya n'kumazipanikiza ndi mafunso. Mbali yachiwiri ndi ya apilo. Ambirife timaganiza kuti apilo ndi kuzenganso mlandu kuyambira pachiyambi. Ayi ndithu. Majaji a apilo kawirikawiri saitana mboni. Amawerenga zomwe zinalembedwa kukhothi loyamba lija, n'kuona ngati lamulo linatsatidwa. Kwathu kunonso zimayenda choncho, kuchokera kwa majisitireti, kupita ku High Court, mpaka ku Supreme Court of Appeal. Chomwe sichinalembedwe poyamba paja n'chovuta kukachitulutsa pa apilo. Mfundo imeneyi muigwire.

Marshall anabadwira ku Baltimore mu 1908. Sukulu ya zamalamulo ya University of Maryland inali mumzinda wake womwewo, koma sinkalandira anthu akuda. Ndiye tsiku ndi tsiku ankakwera sitima kupita ku Howard University ku Washington, ndipo anamaliza mu 1933 ali nambala wani m'kalasi. Mu 1935, iye ndi mphunzitsi wake Charles Hamilton Houston anaimira mnyamata wina, Donald Murray, n'kuikokera kukhothi yunivesite ija. Anapambana, Murray n'kulowa.

Musaganize kuti inali ntchito ya suti ndi tayi basi. Marshall ankagwira ntchito ku bungwe la NAACP, ndipo ankayenda m'matauni a kum'mwera kwa America kuimira anthu akuda pamaso pa jury ya azungu okhaokha. Mu 1946 ku Columbia, m'chigawo cha Tennessee, atatuluka m'khothi madzulo, apolisi anaimitsa galimoto yake, n'kumutenga yekha kulowera naye kumtsinje wa Duck. Loya mnzake, Z. Alexander Looby, anauzidwa kuti azipita, koma anakana, n'kumawatsatira pambuyo. Apolisi aja ataona kuti pali maso, anabwerera m'tauni n'kumunamizira kuti amayendetsa ataledzera. Majisitireti anamununkhiza mkamwa, sanamve mowa, n'kumumasula. Tangoganizani, akanakhala kuti mnzake uja anachita mantha.

Tsopano tifike pa mfundo yanga ija. Mu 1951 ku Charleston, South Carolina, Marshall anaimira makolo a ku Clarendon County pa mlandu wa Briggs v. Elliott. Ana awo ankayenda wapansi mitunda italiitali kupita kusukulu pomwe ana a azungu anali ndi mabasi. Majaji anali atatu, ndipo Marshall ankadziwa kuti mwayi wopambana ndi wochepa. Komabe anabweretsa mboni, kuphatikizapo katswiri wa za maganizo a anthu, Kenneth Clark, yemwe anaonetsa ana akuda zidole zoyera ndi zakuda. Ana ambiri ankaloza chidole chakuda kuti ndiye choipa. Clark anafotokozera khothi kuti tsankho la m'sukulu likuwononga mmene anawo amadzionera okha.

Mlanduwo anagonja, majaji awiri kwa mmodzi. Koma umboni wonse uja unali utalembedwa, pamodzi ndi maganizo a jaji wotsutsa uja, J. Waties Waring. Zimenezo n'zomwe ananyamula popita ku Supreme Court, komwe mlanduwu anauphatikiza ndi ina inayi pa dzina la Brown v. Board of Education. Pa 17 May 1954, majaji onse 9 anagamula kuti kupatula ana m'sukulu za boma potengera khungu n'kuswa malamulo oyendetsera dziko. Mwaonatu? Tsiku lomwe ankagonja ku Charleston, munthuyu ankamanga kale apilo yake.

Pa milandu 32 yomwe anaimira ku Supreme Court, anapambana 29. Koma sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti apilo imapulumutsa aliyense. Pa mlandu wa ku Groveland, Florida, Supreme Court mu 1951 inafafaniza chigamulo choti anyamata awiri akuda aphedwe. Asanawazengenso mlandu, mkulu wa apolisi Willis McCall anawaombera ali m'maunyolo. Samuel Shepherd anafera pomwepo. Walter Irvin anapulumuka, Marshall n'kumuimira mu 1952, koma jury inamupezanso wolakwa. Anatuluka m'ndende mu 1968, n'kumwalira chaka chotsatira. Dzina lake linayeretsedwa ndi khothi mu 2021. Akulu amati mlandu suwola, inde, koma mwini wakeyo anali atapita kale.

Marshall anakhala jaji woyamba wakuda ku Supreme Court mu 1967, ndipo anamwalira mu 1993.

Ndiye inu amene mukufuna uloya, dzifunseni: kodi mungathe kukonzekera mlandu usiku wonse, mukudziwa kuti mawa mwina mugonja? Pakamwa pokha sipakwanira. Pamafunika kuwerenga, kulemba mwadongosolo, ndi kudekha. Holide ikubwerayi, pitani kukhothi la majisitireti lomwe muli nalo pafupi. Milandu yambiri aliyense amaloledwa kumvera. Mukakhale kumbuyo ndi kope, muzikalemba mafunso omwe akufunsidwa ndi mayankho ake. Tikadzakumananso mudzatiwerengere, tidzaone ngati munthu amene sanaliko angamvetse mlanduwo kuchokera pa zomwe mwalemba.