BATIRE LATHA

Nkhani ya lero iri ya mau awiri amene amamveka tsiku ndi tsiku m'nyumba, m'mabasi ndi m'misika, kuyambira ku Karonga kufikira ku Bulawayo. Mauwo ndi akuti, "Batire latha." Munthu akagula cipangizo catsopano, kaya wailesi, kaya toci, kaya lamya ya m'manja imene ambiri amaicha foni, masiku oyamba amasimba za kukongola kwace ndi zodabwitsa zimene cimacita. Ikapita miyezi yowerengeka zonsezo zimaiwalika, ndipo cotsala pakamwa pace ndico cakudya ca cipangizoco: cimadya motani, cakudyaco cimapezeka kuti, ndipo cimalira ndarama zingati. Dandaulo limeneli ndi lakale kuposa foni, pakuti m'maiko ano linayamba ndi wailesi.

M'caka ca 1949 m'masitoro a ku Northern Rhodesia, dziko limene lero lichedwa Zambia, munafika wailesi imene inachuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Harry Franklin, amene anali mkuru wa zofalitsa nkhani m'Boma la dzikolo, anaona kuti nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inali kulankhula kwa anthu opanda comverera. Mawailesi a masiku amenewo anali okwera mtengo, ndipo ambiri anafuna magetsi a m'nyumba. Iye anafuna-funa ku Britain wina wopanga wailesi yochipa, ndipo amene anabvomera ndiwo a Ever Ready, kampani imene malonda ace eni-eni anali mabatire. Thupi la wailesiyo linali la citsulo copepuka ca aluminiyamu, lozungulira monga sefuliya yopanda cogwirira, ndipo dzina lace linacokera pamenepo. Anaipaka utoto wabuluu, natseka ziboo zace ndi kansalu ka maso-maso kuti tizirombo tisalowe. Mtengo wace unali £5.

Batire linagulidwa palokha, pa mtengo wa £1 5s., ndipo linali lalikuru kotero kuti wailesi inakhala pamwamba pace monga mphika pa mafuwa. Opanga ananena kuti likhala maola 300. Ciwerengero cimeneci cioneka cacikuru kufikira munthu atacigawa. Banja lomvera maola atatu madzulo ali onse linamaliza batire m'masiku 100, ndiko kuti pa caka linafuna mabatire pafupi-fupi anai, ndipo mtengo wa anaiwo unalingana ndi mtengo wa wailesi imene. Cotero wogula anazindikira mocedwa kuti wabweretsa ciweto pakhomo. Cinanso, wailesi ya m'mudzi sinali ya munthu mmodzi. Dzuwa likalowa anansi anasonkhana pakhonde kudzamva nkhani ndi nyimbo za Alick Nkhata, ndipo kunali kobvuta kwa mwini nyumba kutseka wailesi alendo ali cikhalire. Omvera anali khumi, koma batire likatha woyenda ulendo wa ku sitoro anali mmodzi. Kudya kotereku kunacokera m'timababu tinai ta m'kati, tochedwa ma-valve, timene tinayenera kutenthedwa kuti tigwire nchito, ndipo gawo la mphamvu ya batire linathera pa kutenthako.

Cimene cinagwetsa wailesi imeneyi ndi kanthu kakang'ono kochedwa transistor, kamene kanatulukiridwa ku Bell Laboratories ku America m'caka ca 1947, ndipo kanalowa m'mawailesi ogulitsa mu 1954. Transistor sifuna kutenthedwa. Wailesi inayamba kuyendera mabatire a toci, amene munthu akhoza kugula awiri kapena anai m'kasitoro kali konse. Mau a mawailesi ang'ono-ang'onowo sanapose akale m'kukoma, koma anthu anawakonda cifukwa cakudya cao cinagulika pang'ono-pang'ono. Ndi mabatire omwewa munafala mwambo wowayanika padzuwa monga ufa. Mwambowu uli ndi coonadi cace pang'ono, pakuti kufunda ndi kupuma kumathandiza mankhwala a m'kati kutulutsa mphamvu imene inatsalira. Koma dzuwa silionjezamo kanthu, ndipo wailesi yodzuka motero imafanso wowerenga nkhani asanamalize.

Mafoni a m'manja atafala m'maiko ano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, imodzi mwa amene anakondedwa kopambana inali Nokia 1100, yoturuka mu 2003. Inalibe cojambulira zithunzi, ndipo galasi lace linali laling'ono, losaonetsa mitundu. Koma inali ndi katoci kumutu, mabatani osalowa pfumbi msanga, ndi batire lokhala masiku angapo. Anagulitsa mafoni amenewa oposa 200 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Batire likakalamba, mwini wace anatsegula kumbuyo ndi cala, nalicotsa, naikamo lina, ndipo foni inapitiriza nchito.

Zinthu zinasintha m'caka ca 2007, pamene kampani ya Apple inaturutsa iPhone, foni ya galasi lalikuru imene batire lace linatsekeredwa m'kati. Makampani ena anatsata njira yomweyo m'zaka zotsatira, nanena kuti foni yomatidwa imakhala yopyapyala ndipo madzi salowa msanga. Zimenezo nzoona, koma mtengo wace analipira ndi wogula. Galasi lalikuru lowala ndilo limadya mphamvu kopambana ziwalo zina zambiri. Palinso cinthu cimene anthu a m'midzi amacidziwa ngakhale palibe anawauza: kumene netiweki iri yofooka foni imalimbikira kuitana nsanja yakutali, monga munthu wopfuulira mnzace wa tsidya la mtsinje, ndipo batire limatha msanga kuposa m'tauni. Cotero iye amene ali kutali ndi magetsi ndi yemweyo amene foni yace imamva njala kawiri-kawiri.

Mabatire a mafoni a masiku ano ndi a lithium, ndipo amakalamba ndi kudzazidwa. Kwa zaka zambiri a Apple ananena kuti batire la foni yao likadzazidwa ndi kutha ka 500 limatsala ndi mphamvu ngati magawo 80 pa 100. Wodzaza tsiku liri lonse amafika pamenepo m'caka cimodzi ndi miyezi inai. Kutentha kumafulumizitsa ukalambawu, ndipo foni yosiyidwa pa zenera la galimoto mu October imaonongeka mwini wace asakudziwa. Mu December 2017 kampaniyo inabvomera kuti inali kucepetsa liwiro la mafoni ena amene mabatire ao anakalamba, ati pofuna kuti asazime mwadzidzidzi. Anthu anakwiya, cifukwa ambiri anagula mafoni atsopano poyesa kuti akalewo atha nchito, pamene cofunika cinali batire lokha. Mu 2020 Boma la France linalipiritsa kampaniyo 25 miliyoni ya ndarama za euro cifukwa cosauza ogula.

Ici ndico cifukwa cace amalonda ambiri ndi alimi amayenda ndi mafoni awiri. Yaikuru ndi ya zithunzi ndi WhatsApp; yaing'ono ya mabatani ndi ya kuimbira, kulandira ndarama, ndi kuunikira panjira usiku. Anyamata a m'tauni amaseka kafoni kotere, koma mai wogulitsa tomato amene ndarama zace zimadzera pa foni sangakhulupirire cipangizo cimene cimafa dzuwa liri paliombo. Akale anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo mai ameneyu analiyang'ana m'kati mwace. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, yopanga mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, inamvetsa zimenezi pamene makampani ochuka anali kuyang'ana kwina. Inapanga mafoni ochipa, a mabatire akuru, olowa makhadi a SIM awiri kuti munthu asankhe netiweki imene ikugwira pamalo pamene ali, ndipo ndi zimenezi inadzatsogola pa malonda a mafoni mu Africa.

Ngakhale wokhala ndi magetsi m'nyumba sanapulumuke. Mu January 2022 namondwe wochedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo Malawi anataya mamegawati pafupi-fupi 130 kufikira makinawo atabwerera pa nchito mu 2023. Mu 2024 cilala cinaphwetsa nyanja ya Kariba, imene Zambia ndi Zimbabwe amadalira, ndipo m'miyezi ina anthu a ku Zambia anakhala maola 17 kapena kuposa pa tsiku opanda magetsi. M'masiku otere magetsi akabwera pakati pa usiku banja lonse limadzuka kukangamira pa soketi imodzi, ndipo funso lakuti ayambe ndani, bambo, mai kapena mwana wa sukulu, ladzetsa mikangano yosawerengeka.

Kumene kulibe magetsi konse kunabadwa malonda a kuchaja. Munthu wokhala ndi sola kapena batire la galimoto amayala mafoni pathebulo, nalandira kandarama pa foni iri yonse. Malondawa ndi othandiza ndithu, koma ali ndi madandaulo ace. Ena amati anasiya batire latsopano nakapeza lakale m'foni mwao, ndipo cifukwa ca ici pali anthu amene amalemba cizindikiro pa batire lao ndi msomali. Apa foni yomatidwa ija iri ndi ubwino umene opanga sanauganizire, pakuti batire lace silibedwa msanga. Ena amaopa kuti makalata ao a m'foni awerengedwa, makamaka pamene wochajayo ndi mphwace wa apongozi.

Pali bvuto linanso limene liri laling'ono m'maonekedwe koma loopsya. Masoketi ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi a mtundu wa ku Britain, a ziboo zitatu za ngondya, koma machaja ambiri a m'misika amadza ndi timiyendo tiwiri, topangidwira maiko ena. Ziboo ziwiri za m'munsi ziri ndi kacitseko m'kati, kamene kamatseguka pokhapo mwendo wacitatu utalowa pamwamba. Kacitseko kameneka anakaikapo kuti mwana asapisemo cala kapena waya. Munthu wofulumira amatenga cotsekera colembera kapena kamtengo ka macesi, nakankha kacitsekoko, nakakamiza chaja kulowa. Chaja imalowadi, koma imakhala yogwedera, imathetheka, imatenthetsa soketi, ndipo kacitseko kakathyoka ziboo za mavoti 230 zimatsala poyera pa msinkhu wa mwana wokwawa. Kapulagi kolumikizira mitundu iwiriyi kamagulitsidwa m'misika yomweyo pa mtengo wocepa. Machaja onyenga nawo ndi ambiri. Kawiri-kawiri amapepuka m'dzanja ndipo amatentha msanga, cifukwa opanga anasiyamo ziwalo zina zochinjiriza. Batire likayamba kutupa ndi kukankha galasi la foni, siliyenera kudzazidwanso kapena kuboledwa, pakuti likhoza kuyaka. Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa ndi kuleka kupanga mafoni ace a Galaxy Note 7 cifukwa mabatire ena anagwira moto.

Madandaulo a ogula anafika mpaka m'nyumba za malamulo. Maiko a European Union analamula kuti kuyambira pa 28 December 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kwao akhale ndi kamwa la mtundu umodzi, lochedwa USB-C, kuti cingwe cimodzi cikwanire onse. A Apple, amene anali ndi kamwa laolao, anasintha mu 2023. Kuyambira mu June 2025 lamulo lina linafuna kuti batire la foni likhale ndi magawo 80 pa 100 a mphamvu yace ngakhale litadzazidwa ka 800, ndi kuti ziwalo zokonzera zipezeke zaka zisanu ndi ziwiri mtundu wa foniyo utaleka kugulitsidwa. Malamulo amenewa ndi a ku Ulaya, koma zipatso zace zina zimafika ndi kuno, cifukwa kampani yaikuru sikonda kupanga foni imodzi m'mitundu iwiri. Zimafika mocedwa. M'misika ya ku Limbe, ku Kamwala ndi ku Mbare mukali mafoni ambiri akale ndi ochipa a kamwa la micro-USB, ndi ena a kamwa lakale la Apple, kotero kuti m'nyumba imodzi mukhoza kukhala zingwe za mitundu itatu, ndipo mlendo wopempha chaja amayamba watembenuza foni yace kuti eni nyumba aone kamwa lace.