Zimene magazi amaulula munthu akachitidwa opaleshoni

Ine ntchito yanga ndi yoyeza magazi ku labotale, ndipo achibale a odwala amakonda kundifunsa kuti, "Opaleshoni akuti yayenda bwino, nanga manambalawa akwereranji?"

M'maselo a thupi lathu muli mapuloteni otchedwa ma enzyme, amene amafulumizitsa ntchito za m'thupi. Maselo akavulala, ma enzyme amatayikira m'magazi. Tsono mpeni wa dokotala, ngakhale ndi wochiritsa, umadulabe mnofu. N'chifukwa chake enzyme ya m'minofu yotchedwa CK imakwera, nifika pachimake pakatha tsiku limodzi kapena awiri, kenaka imayamba kutsika yokha. Pamenepo palibe choopsa.

Kale kukwera kotereku kunkazunguza madokotala. Mu 1954, LaDue, Wróblewski ndi Karmen a ku New York anaonetsa kuti enzyme ya AST imakwera mnofu wa mtima ukawonongeka. Vuto linali lakuti AST ndi CK zimapezekanso m'minofu ina, choncho zinali zovuta kudziwa ngati wavulala ndi mtima kapena ndi bala chabe. Lero akakayikira mtima amayeza troponin, puloteni amene amaloza mtima weniweniwo.

Pa chiwindi timayang'ana kwambiri ALT. Munthu akachotsedwa ndulu, ALT imatha kukwera pang'ono ndi kutsika m'masiku ochepa. Koma ikamakwererakwerera, maso nkuchita chikasu, timafufuza: mwina kamwala katseka njira ya ndulu, mwina magazi sanafike okwanira kuchiwindi, mwinanso ndi mankhwala. Halothane, mankhwala ogonetsa amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1956, amawononga chiwindi mwa apo ndi apo, makamaka kwa amene wapatsidwa kawiri motsatizana. Choncho nambala imodzi siitiuza zambiri. Timafuna tione ngati ikukwera kapena ikutsika.

Pempho langa ndi ili. Dokotala akafuna magazi kachiwiri, musadandaule kuti akumaliza magazi a wodwala. Muuzeni zonse zimene wodwalayo amamwa, kaya ndi zitsamba kaya ndi kachasu, ndiponso ngati anadwalapo chikasu atagonetsedwa. Panado asapitirire mapiritsi 8 a 500mg patsiku kwa munthu wamkulu. Ndipo mukaona maso achikasu kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire tsiku limene anakulemberani, bwererani kuchipatala.