Ntchito Yomaliza ya Chifundo



Abale athu okondedwa, inu nonse amene mwazungulira wailesi m'mawa uno, makamaka inu aphunzitsi a Mpingo amene mumatsogolera mapemphero pa siwa wansembe akakhala kutali: mwezi uno wa Novembala, pamene Eklezia akukumbukira ana ake omwalira, tifuna kulankhula za anthu amene sitiwatchula kawirikawiri pa guwa. Tikunena opala mabokosi, oyendetsa galimoto za maliro, ndi mabanja amene ntchito yao ya tsiku ndi tsiku ndi kusambitsa, kuveka ndi kunyamula akufa.

Kumudzi nkhaniyi siivuta. Mfumu ikangolandira uthenga, adzukulu amatenga makasu, amai amatunga madzi ndi kusonkha moto, ndipo palibe amene amatchula mtengo. Maliro n'kulirana. Koma m'tauni munthu amamwalira pakati pa alendo. Thupi lili ku nyumba yachisoni, kwao kuli ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo bokosi, galimoto ndi mankhwala osungira thupi, zonsezi zifuna ndalama. Motero padabadwa malonda. Ife tikamadutsa pamene amagulitsa mabokosi timayang'ana kumbali, ena nkumanong'ona kuti awa amakondwa anthu akamafa. Koma tsiku likatifikira timathamangira kwa iwo omwewo, misozi ili m'maso, kukapempha kuti atitsitsireko mtengo. Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi banja lingadye za maliro nkukhalabe banja lachifundo?

M'katekisimu tidaphunzira ntchito zisanu ndi ziwiri za chifundo zothandiza thupi. Yoyamba ndi kudyetsa anjala, yomaliza ndi kuika akufa m'manda. Zisanu ndi imodzi zoyambazo timazipeza m'mau a Ambuye onena za chiweruzo chomaliza, pa mutu 25 wa Mateyo Woyera. Yomalizayo Eklezia adaiphunzira makamaka kwa Tobiti, wa fuko la Nafutali, amene ankakhala ku ukapolo mu mzinda wa Ninive. Mfumu Senakeribu ikapha Aisraele nkutaya mitembo yao, Tobiti ankapita mobisa kukaikwirira. Munthu wina adakamneneza, ndipo iye adathawa, chuma chake chonse nkulandidwa. Atabwerera ku nyumba kwake, tsiku la chikondwerero cha Pentekoste, chakudya chili kale pa tebulo, mwana wake Tobiasi adadzamuuza kuti pa msika pagona Mwisraele wina wophedwa. Mkuluyo adanyamuka osalawa kanthu, nakabisa mtembowo mpaka dzuwa kulowa, kenaka nkuukumbira manda. Anansi ake adamseka kuti sadatengerepo phunziro.

Wina mwa inu anena kuti: Bambo, Tobiti sankalandira malipiro. Ndi zoona. Nchifukwa chake tikutengani pa ulendo wautali, mpaka ku America, kuti tikaone banja limene linkalandira malipiro, lidalemera ndithu, ndipo tione kumene ndalamazo zidapita.

A Arthur George Gaston adabadwa pa 4 Julaye 1892 ku Demopolis, m'chigawo cha Alabama. Agogo ao adali akapolo. Mai ao, a Rosie, ankaphika m'nyumba ya azungu mu mzinda wa Birmingham. Atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kumene adatumikira ku France, a Gaston adalowa ntchito ku kampani yaikulu ya migodi ndi zitsulo yotchedwa Tennessee Coal, Iron and Railroad Company. Kumeneko adayamba kugulitsa kwa anzao chakudya chamasana chophika mai ao, ndiponso kuwakongoza ndalama pa chiwongoladzanja cha 25 pa 100 iliyonse. Tisabise mau: ameneyo ndi katapila, ndipo sitikumuyamikira. Imene tikukusimbiraniyi si mbiri ya munthu woyera.

Koma a Gaston ankaona chinthu chimodzi chobwerezabwereza: amai amasiye akuyenda ndi mbale ku malo a ntchito ndi pa makomo a matchalitchi, kupempha makobidi oikira amuna ao. Inu amene makolo anu adagwirako ntchito ku migodi ya ku Johannesburg kapena ku Wankie, kumene lero ndi Hwange, mudziwa mmene imfa imamchititsira manyazi wosauka, ndipo mudziwa chifukwa chimene anthu athu kumeneko adayambitsira magulu osonkherana za maliro. A Gaston adaganiza chimodzimodzi. M'chaka cha 1923 adakhazikitsa bungwe lotchedwa Booker T. Washington Burial Society. Banja lililonse linkapereka makobidi pang'ono pa sabata, ndipo zovuta zikagwa, bungwe linkaika malirowo mwaulemu, popanda mai wamasiye kuyenda ndi mbale. M'chaka cha 1932 bungwelo lidasanduka kampani ya inshuwalansi.

Ntchito yokonza maliro yeniyeniyo a Gaston adaigwira pamodzi ndi apongozi ao, a A. L. Smith, bambo a mkazi wao Creola, ndipo nyumba yao ya maliro idatchedwa Smith and Gaston. Imvani bwino pamenepa, inu akamwini ndi apongozi amene simutha kugwirizana ngakhale pa dengu limodzi la chimanga. M'chaka cha 1938 adagula nyumba pambali pa bwalo lotchedwa Kelly Ingram Park, pafupi ndi tchalitchi cha Sixteenth Street Baptist. Maina awiriwa muwasunge, tidzawatchulanso.

Tiyenera kumvetsa mmene zinthu zidaliri ku Alabama nthawi imeneyo. Malamulo a tsankho ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'basi, m'chipatala, m'nyumba zodyera, mpaka kumanda komwe. Koma tsankholo, mwa kuipa kwake komweko, lidasiya khomo limodzi lotsekula: maliro a munthu wakuda ankakonzedwa ndi wakuda mnzake. Mphunzitsi wa sukulu ya boma akatsutsa tsankho, ntchito inkamthera. Wantchito wa m'nyumba ankapirikitsidwa tsiku lomwelo. Wokonza maliro yekha sankadya za mzungu, pakuti omlipira adali anthu a mtundu wake. Adali ndi galimoto, telefoni, chipinda chachikulu cha mipando yambiri, ndipo ankadziwa khomo la banja lililonse. M'matauni ambiri a dzikolo, kufikira zaka za m'ma 1960, galimoto za okonza maliro ndizo zinkathamangira ndi odwala ku chipatala.

Nanga ndalama za ku manda zija zidapita kuti? Zina zidapita ku wailesi ngati inoyi: Smith and Gaston inkalipira mapologalamu a nyimbo zauzimu, ndipo idali ndi gulu lakelake la oimba anai. Wina anganene kuti kumeneko kudali kutsatsa malonda. Kudali kutsatsa malonda ndithu. Komabe nkhalamba yosatha kufika ku tchalitchi inkamva nyimbozo osalipira kanthu. Ataona kuti achinyamata akuda odziwa kutayipa ndi kusunga mabuku a ndalama ngochepa, m'chaka cha 1939 a Gaston adatsekula sukulu ya zamalonda, Booker T. Washington Business College, imene mkazi wao wachiwiri, mai Minnie, adaiyendetsa zaka zambiri. Ndipo ophunzira ake ambiri adakapeza ntchito kwina, osati kwa a Gaston okha. M'chaka cha 1954 adamanga nyumba ya alendo, A. G. Gaston Motel, popeza mlendo wakuda sankaloledwa kugona m'mahotela a azungu. M'chaka cha 1957 adakhazikitsa nkhokwe yosungitsa ndi kukongoza ndalama, Citizens Federal Savings and Loan Association, kuti mabanja akuda azitha kumanga nyumba zao. M'zaka za m'ma 1960 adayambitsanso kalabu ya anyamata a mumzindamo, kuti ana akaweruka ku sukulu asamangoyendayenda m'miseu.

Zonsezi nzabwino, koma munthu wolemera angathe kuzichita popanda kutayapo tulo. Mayeso enieni adabwera pambuyo pake. M'mwezi wa Juni 1956 khoti la ku Alabama lidaletsa bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, kugwira ntchito m'chigawocho. Mbusa Fred Shuttlesworth ndi anzake, pokonza zoyambitsa bungwe lina m'malo mwake, adakumana m'nyumba ya maliro ya Smith and Gaston. Taganizani: m'nyumba imene anthu ankabwera kudzalira, m'menemo ndimo adakonzera za ufulu wa amoyo. Chaka chomwecho, pamene Autherine Lucy adakhala wophunzira wakuda woyamba kulowa University of Alabama, a Gaston adamthandiza ndi ndalama.

M'chaka cha 1963 mbusa Martin Luther King adafika ku Birmingham, ndipo ankagona ndi kuchititsa misonkhano m'chipinda nambala 30 cha nyumba ya alendo ya a Gaston. Anthu awiriwa sankagwirizana pa zonse. A Gaston, amene pa nthawiyo adali ndi zaka 70, ankakonda kukambirana mwakachetechete ndi akuluakulu a mzinda, ndipo sadafune kuti ana a sukulu atumizidwe kukaguba mu mseu. Achinyamata ena ankawanena kuti ndi amantha, okonda azungu. Ife sitiweruza mlandu umenewo. Kholo lililonse limene likutimva lidziwa kuti mantha amenewo sadali opanda pake. Koma m'mwezi wa Meyi apolisi, molamulidwa ndi Bull Connor, adamemeza agalu ndi kuthira ana madzi amphamvu ozimira moto mu Kelly Ingram Park muja, pakhomo penipeni pa a Gaston, eni ake akuona pa windo la ofesi yao. King ndi mnzake Ralph Abernathy atatsekeredwa m'ndende mwezi womwewo, a Gaston adalipira belo ya madola 5,000 kuti atuluke. Usiku wa pa 11 Meyi bomba lidaphulika pa nyumba ya alendo ija. M'mwezi wa Seputembala adani adaponya moto pa nyumba yao yogona, ndipo pa 15 mwezi womwewo bomba lina lidapha atsikana anai m'tchalitchi cha Sixteenth Street Baptist.

Apa ndi pamene ife tiona kuti mkulu ameneyu adayandikira kwa Tobiti. Adali ndi chuma choti nkutaya, ankadziwa kuti angachitaye, ankaopa, koma sadatseke chitseko. M'chaka cha 1987 adagulitsa kampani yao ya inshuwalansi kwa antchito ake omwe pa mtengo wotsika kwambiri. Adamwalira pa 19 Januwale 1996 ali ndi zaka 103. Sadali Mkatolika, adali wa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo zimenezi zisatikhumudwitse, koma zitichititse manyazi pang'ono.

Tsopano tibwerere kwathu. Inu mabanja amene mumakonza maliro m'matauni mwathu, ntchito yanu si yonyansa ai. Wantchito ayenera malipiro ake. Matabwa, misomali ndi mafuta a galimoto simuzitola pa mseu. Amene adatsitsa thupi la Ambuye pa mtanda naligoneka m'manda akeake adali Yosefe wa ku Arimatea, munthu wachuma. Koma dziwani kuti wobwera kwa inu amabwera ali wofooka kopambana tsiku lina lililonse la moyo wake. Satha kuwerengera, achita manyazi kutsutsa mtengo, aopa kuti achibale amnena kuti sadawakonde malemuwo. Kumkankhira munthu wotere ku bokosi lodula, mukudziwa kuti mawa ana ake alephera kulipira sukulu, kumeneko ndi kuba, ngakhale mumlembere lisiti. Muonetseni lotsika mtengo poyamba. Ndipo pa mabokosi onse amene mumapala pa chaka, kodi simungapatule limodzi kapena awiri a anthu aja amene amamwalira m'chipatala popanda wachibale wobwera kudzawatenga?

Koma mau olemera kwambiri tasungira enafe. Mmisiri wina wa matabwa, pa parishi ina imene tidatumikirako, adatiitana madzulo ena natiwonetsa kope la sukulu lothaitha. M'menemo mudali maina a anthu amene adatenga mabokosi pa ngongole usiku wa maliro, akulumbira kuti adzalipira chipepeso chikangosonkhedwa. Ena zaka zidali zitapita zitatu. Tidawerenga mainawo mmodzimmodzi, ndipo ambiri tinkawadziwa: ena a kwaya, ena atsogoleri a miphakati, wina wotithandiza kugawa Ukaristia. Chipepeso chidasonkhedwa, achibale adagawana, mmisiri adaiwalika. Bamboyo sadatipemphe kuti tikawadzudzule. Adangotiuza kuti mkazi wake wamletsa kukongozanso aliyense, ndi kuti sabata lomwelo adabweza mai wina wamasiye amene adalibedi kanthu. Ndipo ponena zimenezi adawerama, osatiyang'ana kumaso. Mai uja adabwezedwa chifukwa cha ife. Amene sadalipire ngongole yao ndiwo adamtsekera chitseko.

Nchifukwa chake, aphunzitsi athu okondedwa, tikupemphani zinthu ziwiri mwezi uno usanathe. Pa msonkhano wa mphakati wanu, funsani mofatsa, osatchula dzina la munthu, ngati alipo amene ali ndi ngongole ya bokosi kapena ya galimoto ya maliro, ndipo mugwirizane mmene mungathandizirane kuibweza, ngakhale pang'onopang'ono. Kenaka musankhe anthu awiri kapena atatu, pamodzi ndi amai a chifundo, apite kukacheza ku banja lokonza maliro la m'dera lanu pa tsiku lopanda maliro. Akalifunse banjalo ngati likumbukira anthu amene lidawaika popanda pemphero, popanda wolira. Maina amene adzapatsidwe, kapena masiku okha ngati maina sadziwika, muwalembe pa pepala ndi kuwapereka kwa Bambo Mfumu wa parishi yanu, kuti akawatchule pa Misa ya Lamulungu lomaliza la mwezi uno.